Wosewera woimbidwa mlandu waukulu ayambe wakhala pansi, koma malipiro asamudule

Usiku wa pa 16 Seputembala 2025, Thomas Partey analowa m'bwalo la Tottenham mumzinda wa London atavala jezi ya Villarreal, timu ya ku Spain, pa masewero a Champions League. Masapota a Tottenham ankamukuwiza akangokhudza mpira. Kutacha, munthu yemweyo anaonekera ku khoti la Southwark, mumzinda womwewo, komwe anakana milandu isanu yogwiririra ndi umodzi wogwira mkazi mosayenera. Milanduyi anamutsegulira kumayambiriro kwa Julayi, patangopita masiku ochepa kontirakiti yake ndi Arsenal itatha, ndipo mwezi wotsatira Villarreal inamusaina n'kunena kuti ikulemekeza mfundo yakuti munthu amakhala wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Chiyambire pamenepo mkangano sunazizire, ngakhale kuno kwathu komwe masapota a Arsenal ali ponseponse. M'mashowo oonetsa mpira, m'magulu a WhatsApp ndi m'minibasi, ena akuti musiyeni mnyamata azisewera poti mlandu uli ku khoti, ena akuti timu yolemba munthu pa nthawi yotere yataya umunthu.

Kulakwa kapena kusalakwa kwa Partey si nkhani yoti ine kapena inu tigamule. Iye wakana, ndipo ntchito yoweruza ndi ya khoti. Funso limene tili ndi ufulu wolikambirana ndi lina: kodi a mpira azichita naye chiyani wosewera pa nthawi yonse imene mlandu waukulu uli pamutu pake? Yankho langa ndi ili. Wosewera amene boma lamutsegulira mlandu wogwiririra, wogona ndi mwana, wopha munthu kapena womuvulaza koopsa ayenera kuimitsidwa kusewera mpaka mlanduwo utatha. Pa nthawi yonseyo azilandira malipiro ake onse, osadulako ngakhale tambala. Ndipo womuimitsa likhale bungwe loyendetsa mpira, potsatira lamulo lolembedwa limene aliyense akulidziwa asanasaine kontirakiti, m'malo mosiyira mabwana a timu omwe ali ndi mapointi ndi ndalama zoti ateteze. Zitatuzi zimayendera limodzi. Mukachotsapo chimodzi, zotsalazo zimapweteka wina, kaya wodandaula kaya wosewerayo.

Otsutsa oyamba, omwenso ndi ochuluka, agwira mfundo yolemekezeka. Amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litanena, choncho kumuchotsa m'bwalo mlandu usanazengedwe n'kumulanga asanaweruzidwe. Mfundoyi ndi yoona. Ili m'malamulo a ku Britain, ilinso m'gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, ndipo palibe wanzeru angafune kuti ichoke. Komabe tiyenera kufunsa kuti inaikidwa kuti imange manja a ndani. Imamanga manja a boma ndi a woweruza, kuti asamutenge munthu ngati wolakwa umboni usanamveke, ndiponso asamukakamize kutsimikiza yekha kuti ndi woyera. Silamula olemba ntchito kuti atseke makutu ngati sanamve kanthu. Taganizirani mphunzitsi wa ku pulayimale amene apolisi amutsegulira mlandu wogona ndi mwana wa m'kalasi mwake, ndiyeno watuluka pa belo. Ndi kholo liti lingavomere kuti Lolemba m'mawa mphunzitsiyo akaime kutsogolo kwa ana ndi choko m'manja, ati poti khoti silinagamule? Akuluakulu a sukulu akamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, sanamugamule kuti wachita. Angovomereza kuti nkhaniyi ndi yolemera moti ntchito singapitirire ngati palibe chachitika. Wosewera mpira wotchuka sali kutali ndi mphunzitsi ameneyu. Amalowa m'bwalo atagwira dzanja la mwana, timu imamutuma kukacheza m'masukulu ndi m'zipatala, ndipo dzina lake lili kumsana kwa majezi amene ana amavala.

Kuti tione zimene zimachitika wosewera akasiyidwa m'bwalo, sitifunika kupeka, chifukwa nkhani ya Adam Johnson ilipo. Johnson anamangidwa mu Malichi 2015 akusewera ku Sunderland, pa nkhani yokhudza mtsikana wa zaka 15 yemwe anali sapota wa timu yomweyo. Timu inamuimitsa, koma pasanathe masabata atatu inamubwezera m'bwalo, pa nthawi imene inkalimbana kuti isatsike mu Premier League. Mu Epulo anamutsegulira milandu, iye n'kumasewerabe, ndipo anapitiriza pafupifupi chaka chathunthu. Pa 6 Febuluwale 2016 anagoletsa chigoli ku Anfield pokumana ndi Liverpool, kenaka pasanathe sabata anavomera m'khoti milandu iwiri, wonyengerera mwana ndi wochita naye zosayenera. Apo m'pamene timu inamuchotsa ntchito. Mwezi wotsatira anagamulidwa kukakhala kundende zaka 6, ndipo mkulu woyendetsa timuyo, Margaret Byrne, anatula pansi udindo atavomereza kuti kumulola kusewera kunali kulakwitsa kwakukulu. Tsono taganizirani za mtsikana uja m'miyezi yonseyo. Sabata ndi sabata, munthu amene anamunenera ku polisi akuoneka pa kanema, anthu zikwizikwi akumuombera m'manja, pomwe iye akutukwanidwa pa intaneti kuti ndi wabodza. Amene amati kulola wosewera kusewera n'kusatenga mbali amaiwala mwana ameneyu. Timu ikalemba dzina la woimbidwa mlandu pa mndandanda wa osewera tsiku limenelo, yatenga kale mbali, ndipo mboni zimene zikudikira kukaima m'khoti zimaona bwino lomwe kumene kuli mphamvu.

Kumbali inayo kuli otsutsa ena, amene amagwirizana nane pa zoimitsa koma amapsa mtima akamva za malipiro. Iwo amati n'chipongwe kwa wodandaula kuti munthu woganiziridwa mlandu wotere azikhala pakhomo akulandira mamiliyoni osakhetsa thukuta, choncho timu imudule malipiro kapena ingomuchotsa ntchito. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa, makamaka tikakumbukira kuti amayi ambiri ogwiriridwa safika n'komwe pa khomo la khoti. Koma apa m'pamene mfundo ya kusalakwa ija imagwira ntchito yake yeniyeni. Kuimitsa munthu n'kudikira chigamulo, pomwe kumudula malipiro ndi chilango kale, ndipo chilango chimayenera kutsatira chigamulo.

Nkhani ya Benjamin Mendy ikuonetsa zimenezi poyera. Mendy, wotchinga kumbuyo yemwe anapambana World Cup ndi France mu 2018, anamutsegulira milandu mu Ogasiti 2021. Manchester City inamuimitsa, bungwe loyendetsa mpira ku England la FA nalo linamuletsa kuchita za mpira, ndipo kuyambira Seputembala timu inasiya kumulipira mpaka kontirakiti yake inatha mu Juni 2023. Anakhala m'ndende miyezi ingapo podikira mlandu, n'kutuluka pa belo mu Januwale 2022. Mu Januwale 2023 khoti la ku Chester linamupeza wosalakwa pa milandu yambiri, ndipo mu Julayi chaka chomwecho anapezekanso wosalakwa pa iwiri imene inatsala. Pambuyo pake anasumira City ku khoti loona za ntchito, kufuna mapaundi pafupifupi 11 miliyoni, ndipo anafotokoza kumeneko kuti anachita kugulitsa nyumba ndi kukongola ndalama kwa osewera anzake kuti alipire maloya ndi kusamalira ana ake. Mu Novembala 2024 woweruza Joanne Dunlop anagamula kuti timu imupatse gawo lalikulu la ndalamazo, kupatula za miyezi imene anali m'ndende, poti kumeneko anadzipititsa yekha pophwanya malamulo a belo. Chigamulochi ndikuchiona cholungama mbali zonse. Pamene iye anadzitsekera yekha njira yopita ku ntchito, palibe malipiro. Pamene anali wokonzeka kugwira ntchito koma akuluakulu a mpira n'kumuuza kuti adikire, mtolo wa kudikirako sunayenere kugwera pamutu pake yekha. Munthu akhoza kunyansidwa ndi moyo wa maphwando umene unaululika pa mlanduwo, ine ndinanyansidwa nawo, koma kunyansidwa kwathu si chigamulo cha khoti.

Kuwonjezera apo, lamulo sitilembera Mendy yekha. Osewera mpira ambiri padziko pano alibe nyumba ya mamiliyoni yoti agulitse. Wosewera wa mu Super League kuno kwathu amachita lendi ku Ndirande kapena ku Kawale, amalipirira mng'ono wake fizi, ndipo mayi ake kumudzi amadikira ka feteleza kuchokera kwa iye. Mukamudula malipiro tsiku limene watseguliridwa mlandu, mwamulanda ndalama zolembera loya pa nthawi imene akufunika loya kuposa kale lonse, komanso mwalanga mkazi wake ndi ana omwe sanaimbidwe mlandu uliwonse. Akadzapezeka wolakwa, timu ili ndi ufulu wonse wothetsa kontirakiti tsiku lomwelo, ndipo yataya ndalama za miyezi yodikira basi. Akadzapezeka wosalakwa atasauka kale, palibe angamubwezere zimene zaonongeka. Pa zolakwika ziwirizi, chopepuka ndi choyambacho.

Pali mfundo ina imene ndimaiona yolimba kuposa zonse, ndipo sindikufuna kuilambalala. Amati moyo wa wosewera m'bwalo ndi waufupi, zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, pomwe milandu imatenga zaka. Akuluakulu anati mlandu suola, koma miyendo ya wosewera imakalamba. Ndalama mungamulipire, nanga zaka zake za mphamvu mudzamubwezera bwanji? Umboni wa nkhawa imeneyi uli ku Australia, komwe ligi ya rugby ya NRL inakhazikitsa lamulo lofanana ndi limene ndikunena mu 2019. Lamulolo limati wosewera woimbidwa mlandu umene chilango chake chachikulu ndi zaka 11 kapena kuposerapo aimitsidwe pompo, azilandira malipiro onse, aziloledwa kuchita zokonzekera ndi anzake, koma asasewere. Jack de Belin wa timu ya St George Illawarra Dragons anakatsutsa lamulolo ku khoti koma anagonja. Mlandu wake wogwiririra unazengedwa kawiri, ogamula n'kumalephera kumanga chimodzi pa milandu yambiri, mpaka mu Meyi 2021 boma linausiya. Anabwerera m'bwalo atataya nyengo ziwiri zathunthu ndi gawo la yachitatu, asanapezeke wolakwa pa chilichonse.

Kutayika kumeneku n'kwenikweni, ndipo wonena kuti lamuloli silipweteka aliyense akunama. Komabe ndikuti lamulolo likhalepo, pa zifukwa izi. Poyamba, silikhudza mlandu uliwonse. Wogwidwa akuthamangitsa galimoto kapena wokangana ndi mnzake pamalo omwera mowa sakulowamo. Likukhudza milandu yochepa, yolemera kwambiri. Chachiwiri, siliyamba kugwira ntchito munthu akangonenezedwa pa Facebook, ngakhalenso akangoitanidwa ku polisi. Limayamba pamene oimira boma pa milandu aunika umboni n'kutsegula mlandu. Ku England, ofesi yoimira boma pa milandu ya CPS sitsegula mlandu isanakhutire kuti pali mwayi weniweni woti khoti limupeza munthuyo wolakwa. Zimenezi zikuyankhanso amene amaopa kuti mkazi wokwiya kapena sapota wa timu ina akhoza kugwetsa wosewera ndi bodza, chifukwa bodzalo liyenera kudutsa kaye m'manja mwa apolisi ndi maloya a boma. Ndikudziwa kuti malire amenewa sakondweretsa onse. Apolisi a ku London ananena kuti anayamba kufufuza nkhani ya Partey mu Febuluwale 2022, ndipo pa lamulo limene ndikunenali iye akanasewerabe ku Arsenal zaka zonse za kafukufukuyo. Ndi zowawa kwa odandaula, koma malire ayenera kukhala penapake pooneka, ndipo kutsegulidwa kwa mlandu ndi pamene aliyense angathe kuloza tsiku ndi chikalata. Chachitatu, kuchedwa kwa milandu ndi vuto la makhoti, ndipo mankhwala ake ndi kukakamiza makhoti kuti afulumire. Mabungwe a mpira ali ndi mawu amphamvu, akhoza kuwagwiritsa ntchito pamenepo. Akhozanso kuchepetsa ululu polola wosewera kuchita zokonzekera ndi timu pamene malamulo a belo akulola, komanso polola timu kulembetsa wosewera wina m'malo mwake kuti isakhale ndi chifukwa chomenyera nkhondo kuti woimbidwa mlandu abwerere msanga.

Ena amati zonsezi n'zabwino, koma tisiyire timu iliyonse iweruze yokha, poti ndiyo imamudziwa wosewera wake ndiponso ndiyo imamulipira. Vuto lake ndi lomwelo, lakuti ndiyo imamulipira. Timu imene yagula wosewera ndi mapaundi mamiliyoni makumi angapo singakhale woweruza wosakondera pa nkhani yomukhazika pansi. Taonani kusiyana kwa zimene matimu achita. Sunderland inasiya Johnson m'bwalo. City inaimitsa Mendy n'kumudula malipiro. Pumas ya ku Mexico inathetsa kontirakiti ya Dani Alves tsiku lomwe anamangidwa ku Barcelona mu Januwale 2023; mu Febuluwale 2024 anapezeka wolakwa, koma mu Malichi 2025 khoti lalikulu la ku Catalonia linathetsa chigamulocho. Manchester United inaimitsa Mason Greenwood mu Januwale 2022, ndipo CPS itasiya milandu yake mu Febuluwale 2023 chifukwa mboni zofunika zinatuluka ndiponso panapezeka zatsopano, timu inakhala miyezi isanu ndi umodzi ikuzengereza. Zitamveka kuti ikufuna kumubwezera m'timu, anthu anakwiya, ndipo mu Ogasiti inalengeza kuti achoka. Anapita ku Getafe pa ngongole, kenaka anagulitsidwa ku Marseille. Matimu anayi, njira zinayi. Pamene palibe lamulo limodzi, chimene chimagamula ndi mtengo wa wosewera, malo a timu pa ligi ndi kukula kwa phokoso la anthu. Wosewera wa pa benchi amatayidwa msanga kuti timu ioneke yaukhondo, wogoletsa zigoli amapezeredwa zifukwa. Wodandaula sadziwa choyembekezera, wosewera naye sadziwa.

Pa chifukwa chomwechi, lamulo la ligi imodzi silikwanira. Partey mlandu wake uli ku England koma ntchito anakaipeza ku Spain, ndipo mpira wa masiku ano umalola wosewera kuwoloka malire m'sabata imodzi. Njira yotsekera mpata umenewu ilipo kale. Eric Cantona wa Manchester United atamenya sapota ndi mwendo m'bwalo la Selhurst Park mu Januwale 1995, FA inamuletsa kusewera mpaka kumapeto kwa Seputembala, ndipo FIFA inalamula kuti chiletsocho chigwire ntchito padziko lonse. Ngati FIFA inatha kutero kalekale mu 1995 pa nkhani ya kumenya sapota, singalephere lero kulemba ndime yoti wosewera woimitsidwa pa mlandu waukulu m'dziko lina akhale woimitsidwa kulikonse. Nawo a FAM ndi SULOM, pamodzi ndi oimira osewera, ndi bwino akhale pansi n'kuunika malamulo awo pa nkhani imeneyi kukadali bata, chifukwa lamulo lolembedwa dzina la wosewera wa timu yaikulu lili kale m'nyuzipepala limalembedwa mokondera.

Latsala funso la zimene zichitike khoti likamaliza. Apa ndimasiyana ndi anzanga ena amene amafuna kuti bungwe la mpira lizengenso mlandu palokha ngakhale munthu wapezeka wosalakwa. Iwo amatchula John Terry wa Chelsea, yemwe khoti la ku Westminster linamupeza wosalakwa mu Julayi 2012 pa mlandu wonyoza wosewera wa timu ina, Anton Ferdinand, potengera khungu, koma mu Seputembala FA inamupeza wolakwa, n'kumuletsa masewero anayi ndi kumulipitsa mapaundi 220,000. N'zoona kuti FA inagwiritsa ntchito muyeso wa umboni wopepukirapo kuposa wa khoti, ndipo inali ndi ufulu wotero. Koma nkhani ya Terry inachitikira m'bwalo, masewero ali mkati, makamera akujambula, ndipo inaphwanya malamulo a mpira amene FA ndiyo mwini wake. Mlandu wogwiririra umene akuti unachitikira m'nyumba ya munthu ndi wosiyana. Komiti ya mpira ilibe apolisi, ilibe madokotala ofufuza, ilibe mphamvu yoitanitsa mboni, ndipo kumuika mayi wodandaula pamaso pa akuluakulu a mpira kuti afotokozenso zonse n'kumuzunza kachiwiri. Choncho khoti likati wosalakwa, kapena boma likausiya mlandu, kuimitsidwa kuthe sabata yomweyo ndipo dzina lake libwerere pa mndandanda wa ololedwa kusewera. Timu ikaona kuti singapitirize naye, imulipire zotsala pa kontirakiti monga ichitira ndi wosewera wina aliyense amene sikumufunanso, ndipo masapota ali ndi ufulu wonena maganizo awo. Khoti likati wolakwa, kontirakiti ithe, ndipo ngati mlanduwo ukukhudza mwana, bungwe limuletse kugwira ntchito iliyonse ya mpira imene ingamuike pafupi ndi ana, kaya ukochi wa timu ya achisodzera kaya kuyendera masukulu m'dzina la timu, ngakhale atamaliza kugwira ukaidi wake.